Nyumba Yosadya Nkhuni Zambiri Imayambira pa Zikhomo

Aliyense amene anagonapo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mwezi wa Okutobala akudziwa bwino mavuto ake. Dzuwa likangofika paliwombo, m'nyumbamo simukhalikanso. Usiku ana amangolira chifukwa cha thukuta, ndipo akuluakulu ena amanyamula mphasa nkukagona pabwalo, neti yowateteza ku udzudzu itatsala m'nyumba. Ikafika miyezi ya Juni ndi Julayi, nyumba yomweyo imasanduka ina. Mbandakucha madzi amadontha kuchokera kumalata, khanda limazizidwa, ndipo mayi amalowetsa mbaula ya makala kuchipinda natseka chitseko. Chaka chonse, kuseri kwa nyumbayo, m'kakhitchini kakang'ono kakuda bii ndi mwaye, mayi yemweyo amauzira moto misozi ili chuchuchu, mwana ali kumsana.

Ambiri a ife timaganiza kuti zimenezi ndi za nyengo, ndipo palibe chimene munthu angachitepo. Koma zambiri mwa izo zimachokera pa mamangidwe a nyumba. Nyumba nayo imadya. Imadya nkhuni, makala, palafini ndi mabatire, ndipo kuchuluka kwa zimene idzadye zaka zonse za moyo wake kumakhazikika tsiku limene mmisiri akukhoma zikhomo ndi kukoka chingwe cha maziko. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa m'chaka cha 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa atatu mwa anayi alionse m'Malawi muno ankaphikira nkhuni, ndipo kumidzi nyumba zokhala ndi magetsi zinali zowerengeka. Choncho tikamanena za kusamala mphamvu ya moto ndi kuwala pakhomo, kwa ife nkhani yake ndi ya mtolo wa nkhuni umene mayi amasenza, ndalama za mabatire, ndi utsi umene mwana amapuma.

Owerenga athu ena adzafunsa kuti, kodi nkhani ya mamangidwe ikudzatani m'magazini ya za umoyo? Yankho lake mukhoza kuliona pa mzere wa kuchipatala. Chibayo, malungo, zilonda za moto ndi chifuwa chosatha, onsewa ndi matenda amene nyumba imatha kuwaitana kapena kuwapirikitsa.

Yambani mwaona kumene dzuwa lidzera

Anthu ambiri pomanga nyumba amailozetsa kumsewu, kapena kumene kwaloza nyumba ya mnansi wawo. Musanatero, imani pamalopo m'mawa ndi madzulo, muone kumene dzuwa likutulukira ndi kumene likulowera.

Dziko lathu lili kummwera kwa mzere umene umagawa dziko lapansi pakati. Chifukwa cha ichi, m'nyengo yozizira dzuwa limadzera chakumpoto, ndipo ngakhale masana silifika pamwamba penipeni. M'nyengo yotentha, kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale, limadzera pamutu pathu. Koma nyengo ina iliyonse, dzuwa la m'mawa limamenya khoma la kummawa, ndipo la madzulo limamenya khoma la kumadzulo mwachindunji, popanda denga lotchinga, pakuti limakhala litatsika. Dzuwa la madzuloli ndilo loopsa, chifukwa limapeza nyumba itatentha kale, ndipo khoma limene lalandira dzuwalo limatulutsira kutentha kwake m'chipinda usiku, nthawi imene anthu afuna kugona.

Tsono nyumba yabwino imaima motalika kuchokera kummawa kupita kumadzulo, kuti makoma ake aafupi ndiwo ayang'ane kotulukira ndi kolowera dzuwa, ndipo makoma aatali, okhala ndi zitseko ndi mazenera, ayang'ane kumpoto ndi kummwera. Mukatero, mwezi wa Juni dzuwa lidzalowa pa mazenera a kumpoto nkufunditsa nyumba popanda kusonkha moto, pamene mwezi wa Novembala lidzagwera padenga, makoma ali mumthunzi. Kutembenuza nyumba chomwechi sikufuna njerwa yoonjezera ngakhale imodzi. Chipinda cha kumadzulo chikhale chosungiramo katundu, ndipo chogona ana chikhale chakummawa.

Mphepo nayo iganiziridwe. M'miyezi yozizira mphepo imachokera chakummwera chakummawa. Kunyanja amaitcha mwera, ndipo ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre imabweretsa chiperoni, nkhungu ndi mvula yamawawa imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la m'dziko la Mozambique. Amene akumanga kumalo okwera monga ku Dedza, Ntcheu kapena Mzimba achepetse mazenera mbali imeneyo, ndipo abzaleko mitengo yotchinga mphepo. Amene akumanga ku Nsanje, Chikwawa, Salima kapena Karonga mdani wawo ndi kutentha, kumene kuchigwa cha Shire kumapitirira madigiri 40, choncho iwo asatchinge mphepo konse ayi.

Mtengo wa mthunzi ubzalidwe kumadzulo kwa nyumba. Mango ndi nimu amachita bwino pa ntchito imeneyi. Koma mtengowo utalikirane ndi khoma mokwanira, kuopa kuti mizu ingang'ambe maziko kapena nthambi ingagwere padenga nthawi ya mphepo yamkuntho.

Denga

Kutentha kwambiri kumalowera padenga. Makolo athu pofolera ndi udzu ankadziwa chimene ankachita, pakuti udzu wokhuthala uli ndi timipata tambirimbiri tosunga mpweya, ndipo kutentha sikudutsamo msanga. Nchifukwa chake nyumba ya udzu imakhala yozizirira masana ndi yofunda usiku. Kuipa kwake tikukudziwa tonse. Udzu umagwira moto, umawola, umasunga makoswe, ndipo masiku ano ukusowa. Amene afuna kufolera ndi udzu apendeketse denga kwambiri kuti madzi a mvula azitsika msanga, chifukwa denga la udzu lathyathyathya limawola zaka zochepa.

Malata ndi olimba ndipo sadontha, ndiye palibe angadzudzule banja limene lagulitsa mbewu zake nkugula malata. Koma lata ndi chitsulo chopyapyala. Limatentha msanga ngati chiwaya, nkumawomba anthu okhala pansi pake, ndipo usiku limataya kutentha konse mwamsanga momwemo. Madzi amene amadontha mbandakucha m'nyengo yozizira si mvula ayi, koma ndi chinyontho cha mpweya umene anthu apuma usiku wonse, chimene chasanduka madzi pokhudza lata lozizira.

Mankhwala ake ndi siling'i, ndipo siling'i siyenera kukhala ya kusitolo. Mphasa, bango kapena nsungwi zong'alula, zomangidwa bwino pansi pa malata ndi kusiya mpata pakati, zimagwira ntchito yaikulu. Mpweya wa mumpatawo ndiwo umatchinga kutentha masana ndi kusunga kufunda usiku. Ngati ndalama zachepa, yambani ndi chipinda chogona ana. Chofunika nchakuti kumapeto konse kuwiri kwa nyumba, pansonga pa khoma, pakhale kabowo kotchingidwa ndi sefa wa waya, kuti mpweya wotentha, umene nthawi zonse umakwera m'mwamba, uzipeza potulukira, koma mileme ndi makoswe zisapeze polowera. Siling'i yosasamalidwa imasanduka mudzi wa makoswe, choncho siyani pena potsegula kuti muzitha kusesamo.

Mtundu wa denga nawo uli ndi kanthu. Chinthu choyera chimabweza dzuwa, chakuda chimalimeza. Malata opakidwa penti wakuda kapena wobiriwira kwambiri amaoneka okongola mukamadutsa pamsewu, koma amene amagona m'katimo ndiwo amalipira kukongolako. Penti woyera padenga, ndi laimu pa makoma akunja, zimachepetsa kutentha m'nyumba.

Denga lituluke kunja kwa khoma masentimita 60 kapena kupitirira, ndiye kuti mapazi awiri, mbali zonse. Amisiri ena amadula malata pafupi ndi khoma ati kuti apulumutse ndalama, koma kumeneko nkutaya. Denga lotuluka limapereka mthunzi ku makoma ndi kuwateteza ku mvula. Khonde lalikulu limaposa pamenepo, pakuti ntchito zambiri za masana, monga kutong'ola chimanga, kusoka ndi kuwerenga kwa ana asukulu, zimachitikira pakhonde popanda kuyatsa nyale.

Makoma

Khoma la dothi lokhuthala, kaya la zidina kaya la mdindo, limachedwa kutentha ndipo limachedwa kuzizira. Masana limamwa kutentha pang'onopang'ono, usiku nkumakutulutsa. Kumalo ozizira ichi nchamtengo wapatali. Kumalo otentha khoma lotere lifunika likhale mumthunzi tsiku lonse, ndipo usiku mpweya uzidutsa m'nyumba kuti ulizizire.

Njerwa zootcha nzolimba, koma tiyeni tinene chilungamo. Uvuni umodzi wa njerwa umatha mitengo ikuluikulu, kawirikawiri yachilengedwe, kotero kuti nyumba imakhala itadya kale nkhalango anthu asanalowemo. M'chaka cha 2018 Boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pomanga nyumba za Boma ndi za malonda. M'malo mwake akulimbikitsa njerwa za simenti, ndi zina za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zimene amazipsinja ndi makina a pamanja nkuziumitsa pamthunzi osaotcha.

Komabe sitingaiwale zimene zinachitika mwezi wa Malichi m'chaka cha 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba zambirimbiri m'chigawo cha kummwera. Nyumba zambiri za zidina zinagwa chifukwa makoma ananyowa kuchokera pansi mpaka kufewa. Khoma la dothi limafuna kutetezedwa pansi ndi pamwamba. Maziko akhale a miyala kapena njerwa zolimba, akwere pamwamba pa nthaka, ndipo pakati pa maziko ndi khoma payalidwe pepala la pulasitiki lakuda loletsa chinyontho kukwera. Kuzungulira nyumba kukumbidwe ngalande yotaya madzi kutali. Nyumba yachinyontho imazizira, imamera nkhungu m'makoma, ndipo imavutitsa odwala mphumu. Pomaliza, musamange m'mphepete mwa mtsinje kapena m'njira ya madzi otsika m'phiri, ngakhale njerwa zanu zikhale zolimba chotani.

Mazenera ndi udzudzu

Apa pali mfundo ziwiri zooneka ngati zikutsutsana. Alangizi a zaumoyo amatiuza kuti titseke mpata wa pakati pa khoma ndi denga, ndipo akunena zoona, pakuti udzudzu wofalitsa malungo umatsata fungo la anthu ogona, nkukwera khoma, nkulowera pamenepo. Pa kafukufuku amene anachitika ku Farafenni m'dziko la Gambia, amene zotsatira zake zinasindikizidwa m'chaka cha 2009, nyumba zotchingidwa ndi sefa zinali ndi udzudzu wochepa pafupifupi ndi theka, ndipo ana operewera magazi m'nyumba zimenezo anali ochepa poyerekeza ndi a m'nyumba zosatchinga.

Koma mukamata mipata yonse popanda kutsegula pena, nyumba imasanduka uvuni. Munthu wotenthedwa sagona m'neti, amatuluka kunja kumene udzudzu ukumudikira. Ndiponso m'chipinda chotsekeka, ngati muli munthu wodwala chifuwa chachikulu amene sanayambe kumwa mankhwala, tizilombo timakhala nthawi yaitali mumpweya, nkugwira ena. Choncho kutseka mipata ya kudenga ndi kuboola mazenera aakulu a sefa ndi ntchito imodzi, ichitike pamodzi.

Zenera limodzi silikwanira. Mpweya umafuna polowera ndi potulukira, choncho mazenera akhale pa makoma oyang'anana, lina kumpoto lina kummwera, ndipo makoma ogawa zipinda asatseke njira ya mpweyawo. Pamwamba pa zitseko ndi mazenera paikidwe njerwa za mabowo, nazonso zotchingidwa ndi sefa, kuti ngakhale mwatseka usiku poopa akuba, mpweya uziyendabe. Tikamayenda m'midzi timaona nyumba zambiri zatsopano zimene mazenera ake anatsekedwa ndi njerwa podikira ndalama za magalasi, ndipo zaka zimapita ali chitsekere, banja likuyatsa tochi masana. Sefa ndi kachitseko ka matabwa nzotsika mtengo kuposa galasi, ndipo pa umoyo zimaposa galasilo. Sefa akang'ambika asokedwe msanga, ndipo musaleke kugona m'neti usiku uliwonse.

Khitchini, chipinda chimene timachinyoza

Tsopano tafika pamene pagona nkhani. Pakhomo pa kumudzi, pafupifupi nkhuni zonse zimathera pa kuphika ndi kufunditsa madzi. Koma khitchini ndiyo imamangidwa pomalizira, ndi zotsala, yaifupi, yopanda zenera, kawirikawiri popanda kufunsa mayi amene adzakhalemo maola ambiri tsiku ndi tsiku. Abambo, tikukupemphani kuti tsiku lina mukakhale m'khitchini ya pakhomo panu kuyambira pamene moto ukusonkhedwa mpaka nsima itapsa. Mukatulukamo mudzakhala mutamvetsa zimene tikunenazi.

Utsi wa nkhuni uli ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timalowa mpaka mkatikati mwa mapapo. Mwa ana aang'ono timathandizira chibayo. Mwa amayi amene aphika zaka zambiri timabweretsa chifuwa chosatha, befu, matenda a mtima ndi ng'ala m'maso. Mayi woyembekezera amene amapuma utsi wambiri akhoza kubereka mwana wochepa sikelo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira ndi matenda odza chifukwa cha utsi wa m'nyumba, ndipo oposa 237,000 mwa iwo anali ana osakwana zaka zisanu.

Pa mafuwa atatu, moto wambiri umathawira m'mbali, ndipo wofika pa mphika ndi wochepa chabe. Mbaula zosunga nkhuni zimatsekera motowo ndi kuulondolera pansi pa mphika. Chitetezo mbaula, imene magulu a amayi amaumba ndi dongo m'maboma ambiri, njonyamulika ndipo imagwira ngakhale ndi tinthambi, zitsononkho ndi mapesi a nandolo. Changu Changu Moto, imene inafala kuchokera ku Nkhata Bay, imamangidwa pansi ndi zidina ndi dothi, ndipo imaphika miphika iwiri. M'chaka cha 2013 Boma linaika cholinga choti mbaula zotere zikwane 2 miliyoni pofika chaka cha 2020. Mayi amene ali ndi mbaula yotere sapita kunkhuni kawirikawiri monga kale, ndipo msana ndi khosi zake zimapumulako.

Komabe pali phunziro limene tinalipeza konkuno kwathu. Pakati pa chaka cha 2013 ndi 2016, akatswiri anachita kafukufuku m'midzi 150 ya ku Chikwawa ndi ku Karonga, wokhudza ana oposa 10,000. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zamakono kwambiri, zokhala ndi kachipangizo kouzira mphepo kuti nkhuni zizipsa ndi utsi wochepa, pamene ena anapitiriza kuphika pa mafuwa. Aliyense ankayembekezera kuti chibayo chichepa pakati pa ana a mabanja olandira mbaulawo. Sichinachepe. Chimene chinachepa ndi kupsa kwa ana ndi moto. Zina mwa zifukwa zimene akatswiriwo anaganizira nzakuti mbaula zinkaonongeka, mabanja ankabwerera ku mafuwa, ndipo ana ankapumabe utsi wochokera kwina, monga wa zinyalala zootchedwa pabwalo ndi wa fodya.

Tanthauzo lake nlakuti mbaula yabwino imapulumutsa nkhuni ndi kuteteza ana kumoto, koma payokha singachotse utsi pamphuno pa mwana. Ntchito yotsalayo ndi ya khitchini yeniyeniyo ndi makhalidwe a pakhomo.

Khitchini ikhale payokha, yosalumikizana ndi nyumba yogona, ndipo iime mbali imene mphepo idzatengere utsi kutali ndi mazenera a kuchipinda. Ikhale yaitali moti munthu wamkulu aime osawerama. Makoma ake asafike kudenga. Pakhale mpata waukulu pamwamba mbali zonse, kapena mbali imodzi khoma lilekezere m'chiuno, chifukwa muno simugona munthu ndipo za udzudzu sizikutikhudza. Pakhale zenera moyang'anana ndi khomo. Amene angathe kumanga chumuni achite, koma adziwe kuti chumuni chosapalidwa mwaye chimatsekeka ndipo chikhoza kuyatsa denga la udzu. Nyengo ikakhala yabwino, kuphikira panja pamthunzi, pamalo otchingidwa mphepo, nkwabwino koposa.

Njira yodziwira ngati khitchini yanu ili bwino njosavuta. Yang'anani kudenga ndi m'makoma. Ngati mwaye walendewera ngati ndevu, dziwani kuti wofanana nawo ukulowa m'chifuwa cha wophika.

Mbaula ikhale pamalo okwera pang'ono ndi pakona, pamene mwana wokwawa sangafike. Izi nzofunika koposa pakhomo pamene pali munthu wodwala khunyu, chifukwa ambiri a iwo amapsa koopsa pogwera pamoto wa pansi. Ndipo kutsogolo kwa khitchini, panja, pakhale malo a mthunzi pamene khanda lingagonekedwe mayi akuliona, kapena pamene agogo angakhale nalo, m'malo moliberekera kumsana pa utsi. Mwana akayamba kupuma mofulumira, kapena nthiti zake zikamalowa mkati popuma, musadikire kuti kuche kawiri. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Akapsa ndi moto, thirani madzi oyera ozizira pa balalo kwa mphindi 20, osapakapo dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano, kenaka thamangirani naye kuchipatala.

Pomanga khitchini musaiwale kachisakasa kosungiramo nkhuni. Nkhuni yaiwisi kapena yonyowa imataya moto wake poumitsa madzi a m'kati mwake, ndipo ndiyo imafuka utsi wambiri. Nkhuni zowazidwa, zosanjidwa pamwamba pa mitengo kuti zisakhudze pansi, ndi zofoleredwa m'nyengo ya dzinja, zimayaka bwino ndi kukhalitsa. Ndipo mitengo ingapo ya kesha kapena gilisidiya yobzalidwa m'malire a munda, pamodzi ndi nandolo, imapatsa banja nthambi zokwanira mbaula yaing'ono chaka ndi chaka popanda kugwetsa mtengo.

Maphikidwe nawo amathandiza. Kuvundikira mphika kumafulumizitsa kuwira. Nyemba zoviikidwa m'madzi usiku wonse zimapsa msanga. Amayi ena amawiritsa nyembazo kwambiri kwa mphindi 15 kapena 20, nkuphula mphikawo uli chivundikire, nkuuika m'dengu loyalidwa nsanza, udzu wouma kapena masamba ouma a nthochi, nkufunditsa pamwamba. Patapita maola atatu kapena anayi nyemba zimakhala zitapsa zokha ndi kutentha kosungidwa m'dengumo. Zikapezeka zitazizira, ziwiritsidwenso zisanadyedwe.

Usiku wa Juni, ndi kuunika

Tibwerere kwa mayi uja amene walowetsa mbaula ya makala kuchipinda. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. M'chipinda chotseka, mpweyawu umalowa m'magazi nkutenga malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenaka amafooka, ndipo amene ali m'tulo sadzukanso. Makala ofiira opanda utsi ndi oopsa chimodzimodzi. Mbaula isagone m'nyumba ngakhale usiku umodzi. Mukapeza munthu atakomoka m'chipinda chotere, tsegulani zitseko, mutulutsireni panja, ndipo mupite naye kuchipatala ngakhale aoneke ngati watsitsimuka.

Nyumba imene inalandira dzuwa la kumpoto masana, yokhala ndi siling'i, makoma ouma ndi zitseko zokhala bwino, simafuna mbaula usiku. Mazenera atsekedwe dzuwa lisanalowe kuti kufunda kusathawe, koma mabowo a pamwamba aja akhale otsegula. Mwana wakhanda, makamaka wobadwa masiku asanakwane, amataya kutentha kwa thupi msanga. Iyeyu avekedwe chipewa ndi masokosi, ndipo aikidwe pachifuwa pa mayi kapena bambo, khungu kukhudzana ndi khungu, atafunditsidwa nsalu, monga amaphunzitsira anamwino.

Za kuunika sitinena zambiri, chifukwa anthu ambiri anasiya kale koloboyi. Amene akali nayo akumbukire kuti imafuka utsi wakuda, imayatsa maneti ndi madenga, ndipo palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa amamwedwa ndi ana. Matochi a mabatire ndi abwinopo, koma amadya ndalama sabata ndi sabata, ndipo mabatire otha asatayidwe posewera ana kapena pamoto. Nyale ya sola mumagula kamodzi. Ngati mukuganiza zodzaika sola padenga, apa mpamene nyumba yoimitsidwa bwino ija ikuthandizeninso, pakuti mbali imodzi ya denga lake imayang'ana kale kumpoto, kumene sola imalandira dzuwa lokwanira ngakhale m'nyengo yozizira. Ipukutidwe fumbi kawirikawiri m'chilimwe, ndipo batire lake likhale pamalo opita mphepo, osati pansi pa bedi. Makoma a m'kati opakidwa laimu amabweza kuwala, kotero kuti nyale imodzi yaing'ono imakwanira chipinda chonse.

Amene anamanga kale sangathe kutembenuza nyumba, koma zina zonse angathe kuzichita pang'onopang'ono. Chaka chino angagumule njerwa za m'mazenera nkuikamo sefa, ndi kukweza denga la khitchini. Akakolola angaluke siling'i ya kuchipinda cha ana. Mbande ya mango kapena nimu ya kumadzulo kwa nyumba ibzalidwe mvula yoyamba ikangogwa, ndipo itchingidwe ndi minga kuti mbuzi zisaidye.